Funsani Aphunzitsi: App ya fizikisi iyambire pomwe mwana amaphonya

Makalata a mwezi uno akukamba nkhani imodzi ngati munachita kupangana. Aphunzitsi, makolo, ana a sukulu ndi achinyamata olemba mapulogalamu a pakompyuta, nonse mukufunsa za ma app a pafoni ophunzitsira fizikisi ku sekondale. Ine ndinaphunzitsapo phunziroli pa CDSS ndisanalowe ntchito yolemba mapulogalamu, choncho nkhaniyi imandikhudza mbali zonse ziwiri. Makalata ena ndawafupikitsa, ndipo mayina ndawasunga monga mwa masiku onse.

FUNSO: Ndimaphunzitsa fizikisi Fomu 3 ndi Fomu 4 pa CDSS ina m'boma la Ntcheu. Labotale tilibe, mabuku ndi ochepa moti ana asanu amaunjikana pa buku limodzi. Ndili ndi manotsi omwe ndakhala ndikulemba kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna kuwaika mu app kuti ana aziwerenga pafoni. Zolemba mapulogalamu sindizidziwa. Ndiyambire pati? — Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, manotsiwo ndi chuma ndipo ana ayenera kuwapeza, koma safuna app. Atayipeni bwino, muwasandutse PDF, muwaponye pa gulu la WhatsApp la kalasi kapena pa memory card, basi nkhani yatha sabata yomweyo. Mukati muwakulunge mu app mudzataya miyezi pa chinthu choti PDF ikanachita tsiku limodzi, ndipo mwana adzawerenga monga amawerengera kale: kuloweza tanthauzo, kukalibwereza pa mayeso, n'kutuluka m'kalasi maganizo ake akale ali chikhalire.

Maganizo akalewo ndiwo amatigonjetsa pa phunziroli. Mwana safika mu Fomu 1 mutu uli mbee. Walasapo mbalame ndi legeni, wakankhapo wilibala, wakwerapo kabaza, ndipo anadzipangira kale malamulo a momwe zinthu zimayendera. Amakhulupirira kuti cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka. Amakhulupirira kuti chinthu chikamayenda ndiye kuti pali chomwe chikuchikankhabe. Amakhulupirira kuti current imachoka m'batire yambiri, babu n'kudyako, yotsala n'kubwerera yochepa. Mwana yemweyo akhoza kukulakatulirani malamulo atatu a Newton osaphonya liwu, koma tamufunsani chomwe chikukankha mpira womwe wauponya m'mwamba pamene ukukwera. Akuyankhani mosakayika kuti mphamvu ya dzanja ikadali mumpiramo.

Zimenezi si za ku Ntcheu kokha. Ku America, David Hestenes ndi anzake anatulutsa mu 1992 mafunso otchedwa Force Concept Inventory, osalira masamu, ongoyesa ngati munthu wamvetsadi za force ndi kayendedwe ka zinthu. Zinaoneka kuti ngakhale ophunzira a kuyunivesite, omwe mayeso ankakhoza bwinobwino, ankagwa m'mbuna zomwezi. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 a m'makalasi 62. Omwe ankangokhala duu kumvetsera mphunzitsi anakonza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe ankaphonya poyamba. Omwe ankauzidwa kuti alosere, atsutsane ndi anzawo, ayese okha, anakonza pafupifupi theka.

Ntchito yomwe foni ingagwire, yoti pepala silingaithe, ili pamenepa. Tengani nkhani ya current ija. App ionetse batire, babu limodzi ndi ma ammeter awiri (zipangizo zoyezera current), ina mbali iyi ya babu, ina mbali inayo. Isanayatse ifunse kuti: ndi iti iwerenge zambiri? Batani loyatsira likane kugwira ntchito mpaka mwana atasankha, chifukwa munthu yemwe sananene maganizo ake sadabwa akaona zotsatira, amangoti "ee, ndimadziwa". Akasankha, babu liyake, aone singano ziwiri zija zitaima pa nambala imodzi. Pamenepo app isamuuze kuti walakwa, yankho ndi C. Imufunse funso lachiwiri lotuluka m'kuphonya kwakeko: ngati current siikuchepa, nanga batire limatha bwanji? N'chiyani chomwe babu likutenga? Kenako imupatse babu lachiwiri aliike yekha mu series, alosere, aone. Alisunthire mu parallel, alosere, aone. Mnzake yemwe anasankha yankho lina lolakwika alandire funso lina, logwirizana ndi maganizo akewo.

Gawo lalikulu la ntchitoyi silifuna kompyuta. Likufuna munthu wodziwa mayankho olakwika omwe ana amapereka ndi komwe amachokera, ndipo munthu ameneyo ndi inuyo. Mnyamata wolemba mapulogalamu wa m'tauni zimenezi alibe. Choncho yambani ndi kope. Teremu ino mukamachonga, muzilemba yankho lililonse lolakwika lomwe ana angapo alibwereza. Sankhani mutu umodzi wokha mu silabasi ya Malawi Institute of Education (MIE), uja umakusowetsani tulo chaka ndi chaka. Jambulani pamapepala momwe sikirini iliyonse idzaonekere, pepala limodzi sikirini imodzi. Khazikani mwana patebulo, iye aziloza ndi chala ngati akudina, inu muzimusinthira mapepalawo. Muona pomwe akukakamira, pomwe funso silikumveka, pomwe akudumpha osawerenga. Pepala mumangong'amba n'kujambula lina, osataya kanthu.

Mukafika pomanga, pali MIT App Inventor. Inayambira ku Google, kenako inapita m'manja mwa Massachusetts Institute of Technology, ndipo ndi yaulere. Simulemba mizere ya code, mumangolumikiza timabokosi pa browser: batani ili likadinidwa, onetsa chithunzi ichi. Pomanga mufuna laptop ndi intaneti, koma chomwe mwamanga chimatuluka ngati fayilo ya APK, yoikira app m'foni ya Android, yoti ingagwire ntchito popanda bandulo. Munthu wozolowera kuthetsa funso la fizikisi sitepe ndi sitepe sachedwa kuizolowera. Musanayambe, kaseweretseni kaye Circuit Construction Kit, yolumikizira mabatire ndi mababu pa sikirini, imodzi mwa mapulogalamu oyeserera sayansi a PhET. Mwina mukapeza kuti theka la zomwe mukufuna lilipo kale, inu n'kungokonza mafunso anu oyenda nayo.

FUNSO: Ndinamaliza maphunziro a zamakompyuta chaka chatha ndipo ntchito sindinapeze. Ndinapanga app ya fizikisi ya MSCE yokhala ndi mavidiyo, zithunzi zoyenda ndi mafunso. Anzanga amaiyamikira kukongola, koma ana omwe ndawapatsa amaifufuta pakangopita masiku ochepa. Fayilo yake ndi ma MB oposa 300. Ndaphonya pati? — Mnyamata wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Achimwene, poyamba ndikugwireni dzanja chifukwa mwamaliza chinthu, ambiri amathera pakamwa. Koma ndikuona kuti munaipangira foni yanu, osati yawo. Foni yomwe mwana wa Fomu 3 amagwira nthawi zambiri si yake. Ndi ya mayi ake kapena ya mkulu wake, ka itel kapena Tecno kotsika mtengo, RAM yake GB imodzi kapena ziwiri, galasi long'aluka pakona, mkati modzaza zithunzi za ukwati ndi nyimbo za kwaya. Uthenga ukabwera woti malo atha, mwini foni amayang'ana chomwe chatenga malo ambiri n'kuchichotsa. Chimenecho ndi app yanu.

Odya malowo ndi mavidiyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo ndi munthu akulemba pa bolodi. Mizere ndi manambala foni ikhoza kujambula yokha kuchokera ku code, inu n'kungoikapo mawu ojambulidwa, zonse pamodzi n'kutenga kachigawo kochepa ka malo omwe vidiyo ikutenga. Gawani app m'mitu kuti munthu azitenga mutu womwe akuufuna. Ikangolowa m'foni izigwira ntchito yonse popanda netiweki. Isapemphe email pa tsamba loyamba, chifukwa mwana wa ku Chikwawa alibe email ndipo akabwerera pamenepo sabweranso. Izisunga pomwe mwana wasiyira, poti foni imalandidwa pakati pa funso, mayi akafuna kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, kapena imazima yokha magetsi atathima tsiku lonse. Ilolenso ana awiri kapena atatu a nyumba imodzi kulowa aliyense ndi dzina lake. Kagureni foni yotsikitsitsa yomwe mungaipeze ku Limbe, ndipo muziyesera pa imeneyo tsiku lililonse.

Pa zofalitsa, Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha kuti mulembetse, ndipo kukhalako n'kwabwino. Koma kuno ma app amayenda kwambiri pamanja: pa Bluetooth, pa Xender, pa memory card yomwe anyamata oika nyimbo pamsika adzaza. Konzani APK imodzi yathunthu yoti ingayende njira imeneyo osasowa kanthu ikafika.

Pali chinthu china chomwe anzanu oyamikira kukongolawo sangachione, ndipo ine chimandidetsa nkhawa kuposa kukula kwa fayilo. Zithunzi zoyendazo zikutsata malamulo a fizikisi, kapena munangozijambula kuti zisangalatse maso? Ndaonapo app yomwe pendulum yake imayenda liwiro limodzi kuchoka uku kufika uko, osafulumira pakati, osazengereza m'mphepete. Ndaonapo kuwala kolowa m'madzi kukukhotera mbali yolakwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amakhulupirira zomwe waona ndi maso kuposa zomwe wawerenga, ndiye chithunzi chonama chimamuwononga kuposa kukhala wopanda chithunzi.

Ngakhale mutalemba ma equation olondola, msampha wina ulipo. Kompyuta imayendetsa nthawi modumphadumpha, timasitepe ting'onoting'ono. Njira yomwe aliyense amayamba nayo, yosavuta yotchedwa ya Euler, imapeza malo atsopano pogwiritsa ntchito liwiro lakale. Pa pendulum kapena spring, kulakwika kwakung'onoko kumaunjikana mbali imodzi. Energy imangokwera, ndipo mukaisiya kanthawi mupeza pendulum ikugwedezeka mokulirakulira popanda woikankha, kutsutsa phunziro lomwelo mukufuna kuphunzitsa. Mankhwala ake ndi kusinthanitsa mizere iwiri yokha: yambani mwapeza liwiro latsopano, kenako liwiro latsopanolo likupatseni malo. Mukatero yesani ndi manambala odziwika. Pendulum ya chingwe cha mita imodzi, ikamagwedezeka pang'ono, imatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwerera. Mwala wogwa kuchokera pa mamita 5 umafika pansi pakatha pafupifupi sekondi imodzi. App yanu ikanena zina, isatuluke m'nyumba.

Ndipo pezani mphunzitsi wa fizikisi mugwire naye ntchito, wonga aphunzitsi a ku Ntcheu omwe ndawayankha pamwambapa. Mupite nawo m'kalasi, mupereke foni kwa ana, inu muime kumbuyo manja m'thumba, osawalozera podina ngakhale mtima ukuwawa.

FUNSO: Ndili mu Fomu 4. Pasukulu pathu practical timangoilemba pa bolodi chifukwa zipangizo kulibe. Achimwene anga anandiikira PhET pafoni yawo. Ndikamaigwiritsa ntchito, ndingakhoze pepala la practical? — Mtsikana wa ku Kasungu

YANKHO: Mwana wanga, achimwene ako akuchitira zabwino. PhET inayambitsidwa mu 2002 ku University of Colorado Boulder ndi Carl Wieman, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001, ndipo anthu ake amayesa zomwe apanga pa ophunzira enieni asanazitulutse. Ikuonetsa zinthu zoti ngakhale mu labotale yabwino sungazione ndi maso, monga ma electron akuyenda muwaya. Igwiritse ntchito kwambiri.

Koma payokha siikukwanira. Mu PhET waya sachoka pa batire iwe uli pakati powerenga, dzanja silinjenjemera, ndipo nambala imabwera yoyera. Pa tsiku la MANEB adzafuna manja ako ndi maso ako: kuwerenga rula diso lili molunjika, kubwereza muyeso, kulemba tebulo lokhala ndi ma unit, kusankha scale ya graph, kujambula mzere wodutsa pakati pa madontho omwe sanafole bwino. Zimenezi zimabwera ndi kuchita, ndipo zambiri ungazichite pakhomo.

Tenga ulusi wolimba, nati ya njinga kapena kamwala, ndi tepi yoyezera ya atelala. Mangirira ulusiwo pa msomali wa pachitseko kapena pa nthambi, pamalo opanda mphepo. Yeza kuchokera pomangirira mpaka pakati pa natiyo. Ikokere pambali pang'ono chabe, uisiye, uwerenge maulendo 20 opita ndi kubwerera pa stopwatch ya foni, ugawe nthawiyo ndi 20 kuti upeze T, nthawi ya ulendo umodzi. Chifukwa chowerengera 20 n'chakuti chala chako chimachedwa podina, ndipo kuchedwako kukagawidwa ka 20 kumachepa. Chita zimenezi pa masentimita 20, 40, 60, 80 ndi 100. Pa 100 uyembekezere masekondi oyandikira 40 pa maulendo onse 20. Jambula graph ya T² ndi kutalika kwa ulusi m'mamita. Ituluka mzere woongoka, gradient yake pafupifupi 4, ndipo ukagawa 4π² ndi gradient imeneyo upeza g, yomwe iyenera kuyandikira 9.8. Ukapeza 9.3 kapena 10.4 usafufute n'kulemba ya m'buku. Khala pansi uganize chomwe chakusokoneza, chifukwa funso lotero limabwera pa mayeso. Ukatha, lemba kaye papepala zomwe ukuganiza kuti zichitika ukamangirira nati yolemera kawiri, kenako uyese.

Uwapemphenso achimwene ako akuikire phyphox. Inapangidwa ku RWTH Aachen University ku Germany, inatuluka mu 2016, ndi yaulere, ndipo imasandutsa foni kukhala chipangizo choyezera pogwiritsa ntchito ma sensor omwe ali kale mkati mwake. Mafoni ena otsika mtengo alibe magnetometer kapena gyroscope, koma maikolofoni ali nayo onse, ndipo pafupifupi onse ali ndi accelerometer. Chomwe ine ndimachikonda kwambiri mmenemo ndi acoustic stopwatch, wotchi yomwe imayamba ikamva phokoso n'kuima ikamva lachiwiri. Ndi mafoni awiri ungayeze liwiro la phokoso pabwalo. Ikani mafoniwo motalikirana mamita 5 oyeza bwino. Iwe uombe m'manja kamodzi pafupi ndi foni yoyamba, mawotchi onse ayamba, koma yakutaliyo iyamba mochedwerapo pang'ono chifukwa phokoso likuyenda. Mnzako aombe kamodzi pafupi ndi foni yachiwiri, onse aima, ulendo uno yakoyo ndiyo ichedwa kuima. Kusiyana kwa nthawi ziwirizo ndi nthawi yomwe phokoso latenga kuyenda mamita 10, ndipo kukhala pafupifupi masekondi 0.03. Gawa 10 ndi nambala yomwe wapeza, uone ngati ukuyandikira mamita 340 pa sekondi. Sankha nthawi yomwe pabwalo pali zii, chifukwa tambala akalira wotchi iima.

Za ammeter ndi voltmeter zenizeni, pemphani aphunzitsi anu, kalasi yonse pamodzi, kuti akambirane ndi sukulu yoyandikana nayo yomwe ili ndi labotale, mukazigwireko ngakhale Loweruka limodzi mayeso asanafike.

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 2 akundivutitsa kuti ndimugulire foni yamakono, akuti aziphunzirira fizikisi. Kusukulu kwawo mafoni ndi oletsedwa. Ine ndikuopa kuti azingokhalira TikTok. Ndichite bwanji? — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, mantha anuwo ali ndi maziko. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'maphunziro linachenjeza kuti foni ikakhala pafupi ndi mwana imamusokoneza, ndipo linati chipangizo chilowe m'maphunziro pokhapokha pali umboni woti chikuthandiza. Lamulo la sukulu lilemekezedwe.

Ine ndikanati musagule kaye. Mubwerekeni yanu madzulo kwa ola limodzi, pabalaza pomwe inu muli, data itazimitsidwa. App yabwino ya fizikisi imagwira ntchito popanda bandulo, ndiye akakuuzani kuti popanda data sizitheka, mwadziwa kale komwe amafuna kupita. Akatha muzimufunsa kuti lero wayeza chiyani, ndipo akuonetseni m'kope. Simufunika kudziwa fizikisi kuti muone ngati m'kopemo muli manambala ndi graph kapena mulibe. Akachita zimenezi teremu yathunthu osatopa, nkhani yogula muikambirane.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya kumudzi. Ana athu ambiri kwawo kulibe foni yamakono, ena ngakhale ya mabatani. Kodi zonsezi si za ana a m'tauni? — Mphunzitsi wamkulu, Mchinji

YANKHO: Ahedi, mwagunda pomwe pamandiwawa. Tikapanga ma app poganiza kuti mwana aliyense ali ndi foni m'thumba, tidzangokweza omwe ali kale pamwamba. Choncho ndimauza olemba mapulogalamu kuti aziganiza za foni imodzi pa gulu la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, foni ya sukulu, yotsekeredwa mu ofesi mwanu ndi kutchajidwa pa sola. Pa fizikisi zimenezi zili ndi ubwino wake. Eric Mazur wa ku Harvard anatchuka m'zaka za m'ma 1990 ndi njira yoti ophunzira ayambe ayankha funso aliyense payekha, kenako atembenukire kwa mnzawo n'kuyesa kumukopa, ndipo ambiri amakonza maganizo awo pa mkangano womwewo. App yopangidwira gulu ingapemphe kuti aliyense aike yankho lake, ionetse kuti gulu lagawanika, iwapatse mphindi zoti atsutsane, n'kuyatsa babu lija pambuyo pake. Mafoni khumi akwanira kalasi ya ana 60.

Funsaninso za Kolibri, pulogalamu yaulere ya bungwe la Learning Equality. Imaikidwa pa laptop imodzi kapena pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, kenako mafoni ndi ma tablet amalumikizana nayo pa Wi-Fi ya pasukulu pomwepo popanda intaneti, ndipo mphunzitsi amaona yemwe wakakamira pa funso liti. Kwa omwe ali ndi mafoni a mabatani, ku Kenya kampani ya Eneza Education inaonetsa kuti mafunso ndi mayankho akhoza kuyenda pa SMS. Circuit siingaoneke pa SMS, koma funso lolosera lingathe kufika madzulo, yankho lake n'kukayesedwa m'kalasi m'mawa.

Chomwe ndingakupempheni n'chakuti wina akabwera ndi mphatso ya ma tablet, mufunse zinthu zitatu musanaombe m'manja: adzatchajidwa kuti, akawonongeka adzakonza ndani, ndipo mphunzitsi wa fizikisi aphunzitsidwa liti kuwagwiritsa ntchito. Mafunsowa akasowa mayankho, zipangizozo zimathera m'kabati.

FUNSO: App ikhale m'Chichewa kapena m'Chingerezi? — Wophunzira zauphunzitsi, Domasi

YANKHO: Zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake. Mayeso amabwera m'Chingerezi, choncho mafunso, mayina a zinthu ndi ma unit akhale monga adzaonekere pa pepala la MANEB. Koma pakhale batani loti mwana akadina amve mawu a munthu akufotokoza m'Chichewa, monga momwe mphunzitsi aliyense amachitira akaona kuti nkhope za ana zachita mdima. Bungwe la onebillion linapanga kale mapulogalamu a m'Chichewa ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'sukulu za pulayimale kuno, ndipo mu 2019 linali limodzi mwa awiri omwe anapambana mpikisano wapadziko lonse wa Global Learning XPRIZE, ndiye njirayo inapondedwa kale. Konzani app yanu moti mawu a Chitumbuka kapena Chiyao adzalowe mosavuta mtsogolo. Zitsanzo nazo zikhale zakwathu. Kusintha kwa energy kufotokozedwe ndi madzi a mu Shire akutembenuza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, transformer ikhale ija ili pamtengo kumsika yomwe imatsitsa magetsi kufika pa ma volt 230 a m'nyumba, ndipo momentum ikhale ya njinga yosenza matumba a makala pamtsetse.

FUNSO: Ndikupanga app ya mafunso a fizikisi ndi chemistry. Ndingapeze bwanji ndalama? Komanso ndingaikemo mapepala akale a MANEB? — Mayi wolemba mapulogalamu, Mzuzu

YANKHO: Achemwali, ndikuuzeni mosabisa kuti ndalama zake n'zochepa ndipo zimabwera mochedwa, choncho ngati muli ndi ntchito ina musaisiye. Zotsatsa malonda ndikukuletsani. Zimadya bandulo ya mwana, zimafuna netiweki, ndipo simungalamulire bwino zomwe zituluke. Tsiku lina mwana wa zaka 15 adzaona zobetcha pakati pa funso la ma lens, dzina loipa n'kukhala lanu. Njira yomwe ndikuiona yoyenera ndi kupereka mutu woyamba kwaulere, wathunthu osati wodulidwa, ndipo mitu ina izitsegulidwa ndi nambala yachinsinsi yogulidwa pa Mpamba kapena Airtel Money, yoti ikalowetsedwa igwire popanda intaneti. Yesaninso kugulitsa kwa sukulu yonse osati kwa mwana mmodzimmodzi. Sukulu zoyima pazokha zimalipira zikaona mphunzitsi wawo akuigwiritsa ntchito, ndipo ndalama imeneyo ingakuthandizeni kupereka kwaulere ku ma CDSS.

Mapepala a mayeso ali ndi eni ake, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zolemba la 2016. Lemberani a MANEB kalata yopempha chilolezo, ndipo musaike kanthu musanayankhidwe. Chimodzimodzi zithunzi za m'mabuku ndi zomwe mwatenga kwa PhET kapena kwina: werengani chilolezo chake, makamaka ngati mukugulitsa. Ine ndingakonde mutalemba mafunso anuanu pamodzi ndi aphunzitsi, chifukwa mukalemba nokha mumasankha mayankho olakwika mwadala, lililonse loimira maganizo omwe ana ali nawodi, ndipo app imadziwa chomwe ingamuuze mwana akalisankha.

Pomaliza, omwe adzagwiritse ntchito app yanu ndi ana, ambiri osakwana zaka 18, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha (Data Protection Act). Musatolere zomwe simukuzifuna. App ya fizikisi ilibe chifukwa chopempha manambala a m'foni, zithunzi kapena komwe mwana ali. Dzina loyamba lokha likwanira, ndipo zotsatira zake zikhale m'foni momwemo, zizipita kwa mphunzitsi pokhapokha sukulu ndi makolo avomereza.